Thonje limatuluka, belo limalowa: malo a wachinyamata wa m'malire pa ntchito ya zovala

Tsiku la msika ku Ulónguè, ku Calómuè kapena ku Lizulu, phokoso lalikulu limamveka pamene akudula mawaya a belo la kaunjika. Anthu amaunjikana, aliyense akufuna kukhala woyamba kusankha. Chapatali pang'ono, pakhonde la sitolo, pamakhala telala ndi makina ake opalasa, ndipo ntchito yambiri imene amalandira tsikulo imachokera m'belo lomwelo: kuchepetsa thalauza, kufupikitsa diresi, kusintha zipi. Nyengo yokolola ikafika, magalimoto amanyamula thonje m'madera otentha a m'chigwa cha Zambezi, ku Balaka ndi ku Salima m'Malawi, ku Katete ndi ku Petauke m'Zambia, kupita nalo kumakina ochotsa njere. Lambiri mwa thonjelo limatuluka m'maiko amenewa lisanapotedwe n'komwe.

Choncho dera la m'malire limagulitsa chiyambi cha chovala n'kumagula mapeto ake. Kupota ulusi, kuomba nsalu, kuika utoto, kujambula maluwa a pansalu, kudula ndi kusoka, zonsezi zimachitika kwina, ndipo ndalama zambiri za chovala zimatsalira komweko. Mnyamata kapena mtsikana wa m'banja la alimi amene akufuna kudya za luso la zovala ayenera kudziwa kuti pakati pamenepa angalowe pati. Pa mtengo, belo sangalipose. Angalipose pa zimene belo silingathe: chovala chomukwana mwini wake, cholimba, chokonzeka chikang'ambika, chodziwika kumene chidachokera ndi amene adachisoka.

Chifukwa chake ogula ayamba kufunsa mafunso

M'maiko olemera mukumveka kwambiri nkhani ya fashoni yosamala chilengedwe ndi anthu. Nkhaniyi siidabwere chifukwa cha kukoma mtima kwa eni mafakitale. Pa 24 Epulo 2013, nyumba yosanja yotchedwa Rana Plaza, pafupi ndi mzinda wa Dhaka ku Bangladesh, idagwa n'kupha anthu 1,134, ambiri mwa iwo osoka zovala zopita kumasitolo a ku Ulaya ndi ku America. Ming'alu idaoneka dzulo lake, koma antchito adauzidwa kuti alowebe. Kuchokera pamenepo ogula ambiri adayamba kufunsa kuti malaya otchipa adasokedwa ndi yani, pamalo otani, ndipo wosokayo adalandira zingati.

Kumbali ya chilengedwe, Nyanja ya Aral, pakati pa Kazakhstan ndi Uzbekistan, idaphwa mbali yaikulu chifukwa mitsinje yoidyetsa idapatutsidwa kuyambira m'ma 1960 kuti izithirira minda ya thonje. Lero ulusi woposa theka la ulusi wonse wopangidwa padziko ndi poliyesitala, wochokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo suwola ngati thonje. Zovala zikachuluka, eni ake amazitaya zisanathe, ndipo zimabwera ku Africa m'mabelo. Bungwe la The Or Foundation likuti pamsika wa Kantamanto ku Accra, m'dziko la Ghana, pamafika zovala pafupifupi 15 miliyoni pa sabata, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zimathera kudzala, m'ngalande ndi m'mphepete mwa nyanja.

Thonje la m'chigawo chino cha Africa lili ndi mwayi umodzi pa nkhaniyi: limadalira mvula ndipo limathyoledwa ndi manja. Mavuto ake ali pa mankhwala ophera tizilombo, amene ambiri amapopera osadziteteza, ndi pa mtengo umene mlimi amalandira.

Luso lidalipo, mafakitale adalipo

Kuomba nsalu si kwachilendo kuno. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuliomba m'midzi mwawo. Nsalu ya machila inali katundu wodziwika wa malonda m'chigwa cha Zambezi, ndipo kumtunda anthu ankasula chiwondo kuchokera ku makungwa a mombo. Nsalu za m'mafakitale a kunja zitachuluka, luso limeneli lidazilala. Kenako boma la atsamunda a Chipwitikizi lidakakamiza alimi kulima thonje kuyambira 1938 mpaka 1961, pamtengo woikidwa ndi boma. N'chifukwa chake m'midzi ina agogo amalikumbukira thonje ngati mbewu ya mbalamatodya, osati ya chuma.

Mafakitale a nsalu nawo adalipo. Textáfrica ya ku Chimoio inali yaikulu moti timu yake ya mpira ndi imene idatenga chikho choyamba cha dziko mu 1976. Fakitaleyo idaima cha m'ma 2000. Texlom ya ku Matola nayo idatseka. Ku Blantyre, David Whitehead and Sons idagulitsidwa ku kampani ya Mapeto mu 2003. Ku Kabwe m'Zambia, Mulungushi Textiles idaima mu 2007 n'kukhala zaka zambiri ili zii. Nkhondo, makina okalamba, nsalu zotchipa za ku Asia ndi kaunjika zidathandizana kugwetsa mafakitale a m'maikowa. Dzina loti kalamidade, limene anthu amatchulira kaunjika ku Mozambique, ndi chipsera cha nthawi imeneyo: lidachokera ku zovala zachithandizo za m'zaka za nkhondo ndi chilala.

Zotsatira zake n'zakuti kapulana kapena chitenje chimene chili pamsika lero, nthawi zambiri chidasindikizidwa ku India, ku China kapena ku Tanzania. Wosoka amene akufuna kutchedwa wachilungamo ayambire apa. Diresi losokedwa ku Furancungo ndi nsalu ya ku India ndi losokedwa ku Furancungo, koma si la thonje la ku Tete, ndipo kunena choncho kwa wogula ndi bodza limene tsiku lina limaululika.

Kusiyana kwa telala ndi wopanga masitayilo

Telala amadikira kasitomala kuti abwere ndi nsalu ndi chithunzi cha pafoni. Wopanga masitayilo amayamba yekha kuona chimene anthu akusowa, n'kuchijambula, kusankha nsalu, kusoka chimodzi choyesera, kuchikonza, kenako kusoka zambiri zofanana. Wachiwiriyu sangakhalepo popanda luso la woyambayo. Njira yofala, imenenso ili yabwino, ndi kukhala pansi pa telala wodziwa kwa chaka kapena kuposerapo. Kumeneko munthu amaphunzira kupalasa makina, kuwongola msoko, kuika zipi ndi kolala, kupendera, ndi kudziwa chochita makina akayamba kudumpha ulusi.

Chimene ambiri saphunzira pakhonde ndi pateni. Telala wapakhonde amadula ndi diso ndi choko, chovala chimodzi cha munthu mmodzi, ndipo ena amachita bwino zedi. Koma akauzidwa kuti asoke malaya 30 ofanana m'masaizi anayi, diso limalephera. Pateni ndi mapepala odulidwa m'maonekedwe a mbali iliyonse ya chovala: kutsogolo, kumbuyo, mkono, kolala, thumba. Mapepala a matumba a simenti amagwira bwino ntchitoyi. Mwini pateni amayala zidutswa zonse pansalu asanagwire sizasi, n'kuzisuntha mpaka mipata itachepa. Apa ndi pamene kusamala chilengedwe ndi kusamala thumba zimakumana, chifukwa nsalu yogwera pansi idagulidwa ndi ndalama zomwezo zimene zidagula yopita pathupi la kasitomala.

Mphunzitsi wotchipa wa pateni ali m'belo momwemo. Jekete kapena malaya osokedwa bwino, ogulidwa madzulo mitengo itatsika, akhoza kumasulidwa msoko ndi msoko, kusitidwa, n'kujambulidwa papepala. Wophunzira amaona mmene mkono umalumikizirana ndi phewa, malo amene adaika nsalu yolimbitsira, ndi chifukwa chake thumba silidang'ambike. Zovala khumi zomasulidwa motere zimaphunzitsa zambiri kuposa zithunzi zana za pa Facebook.

Sukulu ziliponso. IFPELAC, bungwe la boma lophunzitsa ntchito zamanja, lili ndi malo m'zigawo za dziko ndipo kudula ndi kusoka ndi amodzi mwa maphunziro ake. Ku Maputo, Escola Nacional de Artes Visuais imaphunzitsa za nsalu, ndipo ku Matola kuli Instituto Superior de Artes e Cultura. Kutsidya kwa malire, makoleji a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA m'Malawi amaphunzitsa kusoka ndi kupanga masitayilo. Magulu a amayi a m'mipingo nawo aphunzitsa osoka ambiri. Kulikonse kumene munthu angaphunzire, masamu a kuyeza ndi kugawa sangawathawe. Mwana wosiya sukulu kuti azisoka amadzapeza masamu omwewo akumudikira patepi.

Kudziwa nsalu ndi zala, mphuno ndi moto

Zolemba za m'mphepete mwa chitenje sizinena zoona nthawi zonse. Nsalu zina zimalembedwa kuti ndi thonje lokhalokha pamene zili zosakaniza, ndipo zina zimauma gwa chifukwa cha sitachi amene amatha pa kuchapa koyamba. Kuyesa kwake n'kosavuta. Wosoka amatenga kaulusi kochepa m'mphepete n'kukayatsa ndi machesi, panja, kutali ndi nsalu zina. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha pepala lopsa, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesitala amakwinyika kuthawa moto, amasungunuka, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Nsalu yosakaniza imaonetsa zonse ziwiri.

Kudziwa zimenezi kuli ndi phindu lenileni kwa mlimi wogula. Poliyesitala amauma msanga ndipo sakwinyika, koma amatentha padzuwa la m'munda, ndipo akagwira moto amamatirira pakhungu, chinthu choopsa kwa mayi wophika pamafuwa kapena mwana woothera moto m'mwezi wa Juni. Thonje limapuma bwino koma limafupika likachapidwa koyamba. Wosoka wanzeru amaviika ndi kuyanika nsalu ya thonje asanadule. Amene sachita zimenezi amasoka diresi lokwana Loweruka, lothina Lolemba.

Kulimba kwa chovala kuli m'zinthu zosaoneka pachithunzi: ulusi wabwino, msoko wobwereza pakhwapa ndi pakati pa thalauza, mphepete zotsekedwa kuti zisayoyoke ngakhale palibe makina a ovaloko. Pa zovala za ana, mpendero waukulu ndi nsalu yotsalira mkati mwa msoko zimalola kuti chovala chikulitsidwe chaka chamawa. Yunifomu yotha zaka ziwiri m'malo mwa chimodzi ndi thumba la chimanga losagulitsidwa m'banja.

Belo ngati nkhokwe ya nsalu

Wopanga masitayilo sayenera kuona ogulitsa kaunjika ngati adani. Ambiri ndi amayi amene akuphunzitsa ana ndi malonda amenewo, ndipo ali ndi vuto limene iye angalithetse: zotsalira za pansi pa belo zimene palibe wozifuna. Majini aakulu kwambiri, makatani, nsalu zoyala pabedi, malaya othimbirira kolala koma abwino kumsana, zonsezi ndi nsalu yotchipa, nthawi zina yabwino kuposa yatsopano ya pamsika. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Majekete a ana okhala ndi nsalu ziwiri, zofunda zosokedwa ndi zigamba, zikwama za sukulu za nsalu ya jini, ndi katundu amene ali ndi ogula pafupi pomwepo.

Tizidutswa totsala timapanga zikwama zing'onozing'ono, mapilo, ndi mapadi ochapa a atsikana, amene amafuna thonje lofewa ndi msoko waukhondo. Zimene zakanika zonse zisaponyedwe pamoto wophikira, chifukwa utsi wa poliyesitala ndi utsi wa pulasitiki.

Utoto: pamene pali luso lalikulu ndi ngozi yaikulu

Amene akufuna kupanga maonekedwe akeake a nsalu, osangodalira maluwa osindikizidwa kunja, amagula nsalu yoyera ya thonje n'kuinyika yekha. Njira zotchingira utoto zilipo zingapo. Ena amamanga nsalu ndi ulusi kapena mphira. Ena amapaka phula la kandulo losungunula. Ku Zimbabwe amajambula ndi phala la ufa wa chimanga, n'kuliyanika, kupaka utoto, kenako kulipala. Ku Mfuwe m'Zambia, kampani ya Tribal Textiles yakhala ikugwiritsa ntchito phala la ufa ndi madzi mwanjira yofanana kuyambira m'ma 1990, ndipo nsalu zake zimagulidwa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa komanso kunja.

Utoto wa m'sitolo umawala ndipo umagwira, koma mtundu wina umayenda ndi soda yowotcha ndi mankhwala ena amene amasupula khungu ndi kupweteka m'chifuwa. Pamafunika magolovesi, malo opita mphepo, ndi dzenje lakelake lotayamo madzi, kutali ndi chitsime, mtsinje ndi dimba. M'dera limene mabanja amadya ndi kugulitsa tomato, kabichi ndi mbatatesi za m'madambo, wonyika nsalu wotayira madzi ake mumtsinje akuthira mankhwala m'ndiwo za anansi ake.

Utoto wa zomera uli ndi malamulo ake. Nsalu iyenera kuyamba yaphikidwa kuti mafuta ndi sitachi zichoke, ndipo madzi a phulusa osefedwa ngati chidulo amathandiza. Thonje siligwira utoto wa zomera palokha. Limafuna kuviikidwa kaye m'madzi a masamba kapena makungwa owawa, monga a bulugamu, kenako m'madzi a mwala umene pa Chipwitikizi amati pedra-ume. Makoko a anyezi amapereka chikasu, njere ndi makoko a mapeyala zimapereka kufiirira kotuwa, ndipo madzi oviikamo misomali yadzimbiri amasandutsa mitundu imeneyi kukhala yotuwa kapena yakuda. Dzimbiri likachuluka limadya nsalu. Ku Mali, nsalu yotchuka ya bogolan imapangidwa ndi nzeru yomweyi: masamba owawa ndi matope okhala ndi chitsulo.

Komabe si chilichonse chochokera kutchire chimene chili chosawononga. Kusenda mtengo wamoyo kuzungulira thunthu ndi kuupha, ndipo mitengo ngati mlombwa yatha kale m'malo ambiri. Masamba, makungwa a mitengo yodulidwa kale ndi zotsala za kukhitchini ndi zokwanira. Kuwiritsa kumadyanso nkhuni, choncho kunyika nsalu zambiri tsiku limodzi n'kwabwino kuposa kusonkha moto tsiku lililonse. Mphika wa utoto usabwererenso kukhitchini. Ndipo mtundu uliwonse watsopano uyesedwe usanagulitsidwe: kansalu kadulidwe patatu, kena kakhale padzuwa sabata ziwiri, kena kachapidwe kangapo ndi sopo, kena kasungidwe mumdima, kenako tifananizidwe. Mitundu ina yokongola tsiku loyamba imathawa yonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wonyika nsalu wopupuluma amabwezeredwa katundu.

Mtengo ndi anthu ogwira nawo ntchito

Osoka ambiri amagwa osati chifukwa cha msoko wokhota koma chifukwa chosawerengera. Mwachitsanzo chabe: nsalu yagulidwa mametikali 300, ulusi, zipi ndi mabatani 60, makala a simbi ndi ulendo wa kumsika 40. Zonse ndi 400. Diresi likagulitsidwa 500, wosoka amati wapindula 100. Koma ngati lamutengera masiku awiri, wadzilipira 50 patsiku, ndipo sadasunge kanthu ka singano, mafuta a makina, kapena lamba akadzaduka. Ayenera kufanizira ndalama imeneyo ndi ganyu ya tsiku limodzi m'munda wa mbatatesi. Nthawi ya wosoka ndi gawo la mtengo, ndipo iyenera kulembedwa m'kope pamodzi ndi nsalu.

Wosadzilipira yekha sangalipire womuthandiza, ndipo nkhanza za m'ntchito ya zovala zimayambira pamenepa, osati ku Bangladesh kokha. N'zofala kuti wophunzira akhale zaka akusita, kuika mabatani, kusesa ndi kutumidwa, osalandira kanthu komanso osaloledwa kugwira sizasi. Pangano lomveka pamaso pa makolo kapena mboni limateteza onse awiri: maphunziro atenga miyezi ingati, aphunzira chiyani, ndipo ayamba liti kulandira gawo pa zovala zimene wasoka n'kugulitsidwa. Mwana wa msinkhu wa sukulu akhoza kuphunzira kusoka madzulo kapena patchuthi, koma lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense ku Mozambique afike kalasi ya 9. Kuwala kokwanira ndi mpando wabwino nazonso si zamanyado. Maso ndi msana ndi zimene zimayamba kutha mwa telala.

M'malire muli msampha wina: ndalama ziwiri. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, pamene metikali siidasunthe kwenikweni. Wosoka amene adagwirizana mtengo wa zovala za ukwati m'makwacha mwezi wa Okutobala, n'kudzagula nsalu m'mametikali mwezi wotsatira, adasokera ena mwaulere. Njira yodzitetezera ndi kulandira ndalama ya nsalu poyamba, kugula nsaluyo tsiku lomwelo, ndi kulemba mtengo m'ndalama imene katundu amagulidwira. Katundu wochuluka wodutsa pachipata cha Calómuè, Zóbuè, Biri-Biri kapena Cassacatiza ayenera kuonetsedwa kwa a kasitomu, ndipo msonkho wake ulowe m'mtengo.

Malire omwewo ali ndi mwayi wake. Chaka cha sukulu ku Mozambique chimayamba kumayambiriro a chaka, pamene ku Malawi chimayamba mu Seputembala, choncho wosoka wa m'malire ali ndi nyengo ziwiri za mayunifomu. Pa 7 de Abril, tsiku la amayi a ku Mozambique lokumbukira Josina Machel amene adamwalira mu 1971, magulu a amayi amavala kapulana yofanana, ndipo maoda ake amayamba mu Malichi. Pa 1 Juni ana amafuna zatsopano. Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka anthu akagulitsa fodya, soya ndi mbatatesi. Miyezi ya njala, ntchito imatsala ya zigamba zokha. Amene amadziwa kalendala imeneyi amagula nsalu nthawi yake, ndipo ambiri amagula makina oyamba ndi ndalama za xitique kapena banki m'khonde m'malo mwa katapila. Makina opalasa ndi abwino poyambira: safuna magetsi ndipo zipangizo zake zimapezeka m'misika.

Misika yakutali imafuna umboni

Pali amene adafika patali. Taibo Bacar, mwana wa mayi wosoka, adayambitsa kampani yake ya zovala ku Maputo mu 2008 ndipo mu 2010 adaonetsa zovala zake ku Milan, m'dziko la Italy. Kapulana ndi imodzi mwa nsalu zimene zidamutchukitsa. Chionetsero cha Mozambique Fashion Week chakhala chikuchitika kuyambira 2005. Ku Lilongwe, Mayamiko imaphunzitsa amayi kusoka, imagula zitenje m'misika ya komweko n'kugulitsa zovala kunja, ndipo diresi lake lina lidavalidwa ndi Meghan Markle ku Cape Town mu 2019. Awa ndi ochepa, ndipo kungakhale kunamiza achinyamata kunena kuti aliyense wogula makina adzafika ku Milan. Ambiri amene amadya za ntchitoyi amadya za mayunifomu, maukwati, makwaya ndi zokonza.

Ntchito zake si kusoka kokha. Pamafunika odula, ojambula maluwa a nsalu pamanja kapena pakompyuta, okonza makina, ojambula zithunzi za katundu, oyang'anira ubwino wa zosokedwa, ndi alangizi a thonje. Gulu la anthu asanu logawana ntchito zimenezi limalandira oda imene munthu mmodzi angaikane.

Wogula wa ku Maputo, ku Johannesburg kapena ku London amene amalipira bwino chifukwa cha chilungamo safuna mawu okoma. Amafunsa kumene nsalu idagulidwa, utoto wake, amene adasoka, ndi malipiro ake. Pa thonje pali kale ndondomeko zotsimikizira zimenezi. Cotton made in Africa, ya bungwe la Aid by Trade Foundation la ku Hamburg limene lidakhazikitsidwa mu 2005, imagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo imaletsa kugwiritsa ana ntchito, kuthirira thonje, ndi mankhwala oopsa kwambiri. Kagulu ka kumudzi sikangakwanitse msanga ziphaso zotere, koma kangayambe ndi kope lolembamo chovala chilichonse, malisiti a nsalu, NUIT, ndi akaunti ya M-Pesa kapena e-Mola yosiyana ndi ya pakhomo.

Mpata umene wosoka yekha sangautseke

Chinthu chimodzi chili kunja kwa mphamvu za telala: ulusi. Pa makilogalamu 100 a thonje la m'munda, makina akachotsa njere pamatsala makilogalamu pafupifupi 35 mpaka 40 oti n'kupotedwa, ndipo popanda makina opota pafupi, thonje la m'dera silingasanduke nsalu ya m'dera. Maiko ena ayesa njira zosiyana. Mu 2016 maiko a East African Community adagwirizana zothetsa kaunjika pang'onopang'ono. America itaopseza kuwachotsera mwayi wa malonda wa AGOA, Kenya, Tanzania ndi Uganda adabwerera m'mbuyo. Rwanda idakweza msonkho wa kaunjika kuchoka pa masenti 20 kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 idalandidwa mwayi wogulitsa zovala ku America popanda msonkho. Zovala zidakwera mtengo kwa osauka, ndipo mafakitale sadamere tsiku limodzi.

Burkina Faso, dziko lolima thonje lambiri, idayenda njira ina. Thomas Sankara, amene adalamulira kuyambira 1983 mpaka 1987, adalamula ogwira ntchito m'boma kuti azivala faso dan fani, nsalu ya thonje la m'dzikomo yoombedwa pamanja, makamaka ndi amayi. Iye ataphedwa lamulolo lidazilala, koma oomba nsalu sadasiye, ndipo mu 2023 boma lidaganiza zoti nsaluyo ilowe m'mayunifomu a sukulu. Oombawo amagwiritsa ntchito zida zopalasa ndi miyendo zimene amisiri a m'dzikomo amapanga okha, ndipo ulusi wambiri amaugula ku fakitale yopota ya Filsah ku Bobo-Dioulasso. Kumeneko mtsikana wa m'banja la alimi a thonje akhoza kugula ulusi wa thonje la m'dziko lake, kuunyika, kuuomba, n'kugulitsa nsaluyo kwa telala wa m'tauni yomweyo.